Phunziro la Njinga: Tigule Yotani?

Mwezi uno tiphunzire za njinga yakapalasa. Mpunga ukagulitsidwa, ambiri a ife timakhumba njinga, ndipo thukuta la chaka chathunthu limatha tsiku limodzi. Chifukwa chake tiyenera kuzindikira mitundu yake tisanamasule ndalama pansalu.

Njinga monga tiidziwa lero, ya magudumu awiri olingana ndi tcheni, inapangidwa ku Coventry, ku Mangalande, m'chaka cha 1885, ndipo mu 1888 John Dunlop anapanga tayala lopopera mpweya. Kuno kwathu mitundu yaikulu ndi itatu.

1. Njinga yakuda ya makolo. Agogo athu anakwera Humber ndi Raleigh. Pambuyo pake zinafika Hero ndi Avon za ku India, ndi Phoenix ya ku China. Ilibe magiya, ndipo mabuleki ake ndi a timitengo tachitsulo. Ndi yolemera, pachitunda mwini wake amatsika nakankha. Koma pamsewu wa M5, kuchokera ku Chia kapena ku Benga kufikira ku Linga, imayenda bwino ndi thumba la mpunga kapena dengu la usipa. Ubwino wake woposa ndi uwu: wokonza njinga aliyense wa patsinde pa mtengo aidziwa, ndipo masipoko, machubu ndi tcheni zipezeka pamsika.

2. Njinga ya m'mapiri, ya magiya ambiri. Iyi inabadwira ku California m'zaka za m'ma 1970. Matayala ake onenepa sazama msanga mumchenga, ndipo magiya apeputsa miyendo pokwera kumtunda kwa Mwansambo. Anyamata aikonda. Koma zambiri zifika kuno zitagwira kale ntchito kwina. Mchenga wa kunyanja ukalowa m'magiya umadya mano ake, ndipo chitsulo cholowa m'malo chisowa. Zambirinso zilibe kaliyala wolimba. Makolo anati, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

3. Njinga ya Buffalo. Ichokera ku bungwe la World Bicycle Relief, limene linayamba mu 2005. Inapangidwira misewu ya m'midzi, ndipo kaliyala wake asenza makilogalamu 100. Mtengo wake ndi wokwera. Tsono wogula ayambe wafunsa kumene zitsulo zake zigulitsidwa.

Nanga tisankhe bwanji? Tidzifunse mafunso atatu. Ndidzanyamula chiyani? Ndidzayenda njira yotani, ya phula, ya mchenga kapena ya zitunda? Ikathyoka, adzaikonza ndani, ndi ndalama zingati? Wakabaza ndi wogulitsa nsomba afune mphamvu. Mphunzitsi wa kumapiri, wonyamula mabuku okha, angathe kufuna magiya.

Pa Luka 14:28 Ambuye atiphunzitsa kuti womanga ayambe wawerengera mtengo wa ntchito yake. Momwemonso njinga: mtengo wake suthera pasitolo. Wogula chifukwa cha utoto wowala adzaipachika kudenga dzinja lisanathe, ana ake akuyendabe pansi.

Ndipo amene aipeza aisamale. Apukute mchenga patcheni nathire mafuta, asayende usiku wopanda nyali, pakuti magalimoto a pamsewu waukulu athamanga. Mnansi akadwala pakati pa usiku, asamumane njingayo yopitira kuchipatala cha St Anne's. Chimene Mulungu watipatsa, watipatsa kuti titumikirane nacho.