Kusamutsa Zinthu za mu Kompyuta Kupita pa SSD Yatsopano

Laputopu zambiri zimene tili nazo m'nyumba, m'masukulu ndi m'maofesi a mipingo ndi zakaunjika, zobwera ndi abale kuchokera ku Johannesburg kapena ku London. Laputopu ikayamba kuchedwa kutsegula, mwini wake amangoti yakalamba, n'kuyamba kusunga ndalama zogulira ina. Kawirikawiri chimene chatopa si kompyuta yonse ayi. Ndi kachipangizo kamodzi kosungira zinthu, kamene timati hadi disiki.

M'kati mwa hadi disiki muli timbale tozungulira, ndipo kamkono kakang'ono kamayendayenda pamwamba pake kufuna zimene mwaitanitsa, monga singano ya galamafoni pa mbale ya nyimbo. M'laputopu zambiri timbaleto timazungulira ka 5400 pa mphindi imodzi. Lusoli ndi lakale ndithu, pakuti kampani ya IBM inatulutsa hadi disiki yoyamba mu 1956. Laputopu ikagwa pansi ili chiyakire, kamkono kaja kamatha kukanda kambale, zinthu zanu n'kuwonongeka.

SSD, imene imalowa m'malo mwa hadi disiki, ilibe kanthu koyenda. Imasunga zinthu m'timatchipi ta mtundu wa tija ta mu flashi ndi mu memori khadi ya foni, luso limene linayambira ku kampani ya Toshiba ku Japan m'zaka za m'ma 1980. Timatchipito timagwira mphamvu pang'ono ya magetsi m'tizipinda tosaoneka ndi maso, ndipo timaisunga ngakhale kompyuta itazima. Hadi disiki ya laputopu imawerenga pafupifupi 100 MB pa sekondi, pamene SSD wamba imafika 500 MB. Inu mudzangoona Windows ikutsegula musanakhazikike pampando.

Musanapite kukagula, tembenuzani laputopu mulembe papepala dzina ndi nambala yake. SSD zilipo za maonekedwe awiri. Ya SATA ndi yofanana kukula ndi hadi disiki ya laputopu, mainchesi 2.5, ndipo imalowa pamalo pomwe panali yakale. Ya M.2 ndi kakang'ono kopyapyala, kotalika pafupifupi masentimita 8, ndipo laputopu zakale zambiri zilibe polowetsa kameneka. Onaninso kuchuluka kwa zinthu zimene muli nazo. Tsegulani This PC muyang'ane pa C. Ngati hadi disiki ndi ya 500 GB koma mwadzaza 150 GB yokha, SSD ya 256 GB ikwana. Ngati mwadzaza 230 GB, pirirani mwezi wina mugule ya 512 GB, chifukwa SSD yodzaza mpaka pakamwa imayamba kuchedwa. Wina akakuonetsani SSD yolembedwa 2 TB pamtengo wa 256 GB, ikani ndalama zanu m'thumba. Zachinyengo zilipo, zimaonetsa malo ambiri koma zimataya mafayilo mwakachetechete. Gulani pamalo opereka lisiti.

Ntchito yoyamba si kusamutsa. Yambani mwakopera pa flashi kapena pa disiki ina zinthu zimene simungazipezenso: zithunzi za ukwati ndi za ana, masatifiketi, makalata ofunsira ntchito, kaundula wa banki m'khonde. Nyimbo ndi mafilimu mudzazipezanso kwa anzanu, koma chithunzi cha malemu agogo palibe amene angakujambulireninso.

Anthu ena amayesa kukopa mafoda onse a pa C n'kuwaika pa SSD, kenako amadabwa kuti kompyuta sikuyaka. Pa disiki pali zigawo zobisika zimene zimadzutsa Windows, ndipo kukopa wamba sikuzitenga. Pamafunika pulogalamu yojambula disiki yonse mmene ilili, ndi Windows yomwe, mapulogalamu ndi mafayilo. Amisiri amati kupanga clone. Samsung ili ndi pulogalamu yake yotchedwa Data Migration ya SSD zake, ogula SSD ya Crucial amapeza Acronis True Image, ndipo palinso Clonezilla, yaulere koma yovutirapo kwa wongoyamba kumene. Mufunikanso kachingwe ka SATA kolumikiza ku USB, kuti SSD yatsopano ikhale panja pamene yakale idakali m'kati.

Tsopano tcherani khutu, chifukwa apa ndi pamene anthu amalirira. Pulogalamu idzakufunsani zinthu ziwiri: Source, kumene zinthu zikuchokera, ndi Destination kapena Target, kumene zikupita. Chilichonse chimene chili pa Destination chimafufutika. Mukasemphanitsa, n'kuika hadi disiki yakale pa Destination, pulogalamu mwina sidzakuletsani. Idzatenga SSD yopanda kanthu ija n'kuijambula pamwamba pa zinthu zanu zonse, ndipo idzakuuzani kuti ntchito yatheka bwino. Choncho zulani flashi ndi disiki zina zonse, kuphatikizapo ija mwasungirapo zithunzi, kuti patsale madisiki awiri okha. Werengani mokweza dzina la disiki iliyonse ndi kukula kwake. Ngati maso akuvuta, itanani mwana wasukulu awerenge nanu, palibe manyazi pamenepa. Mukawerenga, dikirani pang'ono, muwerengenso kachiwiri, kenako mudine. Musachite ntchitoyi mukuyankha foni kapena muli ndi tulo.

Kujambulaku kumatenga ola limodzi kapena maola angapo, malinga ndi kuchuluka kwa zinthu. Za magetsi athu mukuzidziwa nokha. Tchajani batire idzaze, chaja chikhale cholumikiza, ndipo ngati batire inafa kale kapena kompyuta ndi yapatebulo, pitani nayo kumene kuli sola kapena jenereta. Magetsi akazima pakati, hadi disiki yakale nthawi zambiri imakhala bwinobwino, koma ntchito yonse muyambiranso. Ngati Windows yanu ili ndi loko wotchedwa BitLocker, mutsegule musanayambe, ndipo kiyi wake wa manambala 48 mulembe m'kope.

Pulogalamu ikamaliza, zimitsani kompyuta kwathunthu, zulani chaja, ndipo chotsani batire ngati ndi yochotseka. Gwirani chitsulo cha pawindo kapena cha pachitseko musanagwire za m'kati, kuti magetsi amene thupi limatola ku zovala achoke. Timasikulu ta pansi pa laputopu sitifanana kutalika. Jambulani laputopuyo papepala, ndipo kasikulu kalikonse mukamasula, kaikeni pamalo pake pa chojambulacho. Kakatali kakalowa pabowo la kakafupi kamatha kuboola pulasitiki kapena kukanda bolodi ya m'kati. Ana aang'ono akhale kutali, timasikuluti amatiponya m'kamwa. Kokani hadi disiki mofatsa, lowetsani SSD mmene inalili yakaleyo, mutseke.

Mukayatsa, zonse ziyenera kuoneka monga kale, kungoti mwachangu. Ikakana kuyamba, mwina ikufunafunabe disiki yakale. Pa Dell dinani F12 ikangoyaka, pa HP dinani F9, musankhe SSD pa mndandanda umene utuluke. Musadabwe SSD ya 500 GB ikaoneka ngati 465 GB. Wogulitsa sanakubereni, Windows imawerenga mosiyana ndi opanga.

Hadi disiki yakale musaifomate msanga. Ikulungeni, muisunge pouma kwa mwezi wathunthu pamene mukutsegula mafayilo anu n'kuona ngati onse anafika. Pambuyo pake igulireni kabokosi ka USB, ikhale yosungirako zinthu kachiwiri. Mudzaifuna, chifukwa hadi disiki ikamafa nthawi zambiri imayamba kulira ndi kuchedwa, koma SSD imatha kungozima tsiku limodzi osachenjeza, ndipo kutulutsamo zinthu n'kovuta ndi kodula.

Ngati ntchitoyi mwapereka kwa mmisiri, muuzeni poyambirira kuti hadi disiki yakale mukuifuna, ndipo muilandire m'manja pochoka. Muli zithunzi zanu, makalata anu ndi mapasiwedi amene kompyuta inasunga. Kufufuta wamba sikuchotseratu zimenezi, wodziwa amatha kuzibweza. Mukafuna kuigulitsa kapena kupatsa mbale, ifomateni mu Windows mutachotsa chizindikiro pa Quick Format, kuti disiki yonse ilembedwenso. Zimatenga maola angapo, choncho chaja chikhale cholumikiza.