Mphindi imodzi siyeza mwana yense

Aphunzitsi anzanga amene mwangoyamba kumene ntchito, tsiku lina pasukulu panu padzafika alendo atanyamula tabuleti. Adzasankha ana angapo n'kumawaitana mmodzimmodzi kuti awerenge malembo, maphatikizo, mawu, kenako kankhani kakafupi, ndipo gawo lililonse amalipatsa mphindi imodzi yokha. Mayeso amenewa, otchedwa EGRA, anawakonza a bungwe la RTI International mu 2006 mothandizidwa ndi USAID, ndipo kuno kwathu anachitika mu 2010. Zotsatira zinali zowawa: ana ambiri a Sitandade 2 sanathe kuwerenga ngakhale liwu limodzi la kankhaniko. Musazinyoze zimenezi. Zinanena zoona, ndipo National Reading Programme imene inayamba mu 2016 inabwera kudzalimbana ndi vuto lomweli.

Koma dziwani chimene mayesowa anapangidwira. Ndi oyezera dziko kapena chigawo, ana mazanamazana pamodzi. Mukatola nambala ya mwana mmodzi, ya tsiku limodzi, n'kuimangira pamtima, mwalakwitsa.

Taganizani mwana wa zaka 7 atakhala moyang'anizana ndi mlendo wamkulu, pamene kwawo anamulera kuti pamaso pa akuluakulu aziweramitsa mutu. Mwezi ndi wa Febuluwale, m'mimba mulibe kanthu. Akalephera mzere woyamba, woyesa amalekeza gawolo pomwepo n'kulemba ziro. Lamuloli n'lachifundo, safuna kumuzunza mwanayo, koma ziro ya wosadziwa malembo ndi ziro ya amene pakamwa pauma ndi mantha zimaoneka chimodzimodzi pa tabuleti. Nanga wa ku Mangochi kapena ku Rumphi, amene kunyumba amayankhula Chiyao kapena Chitumbuka? Mwina maphatikizo akuwatha, koma funso la m'Chichewa lamudutsa. Mwanayo ayenera kuthandizidwa pa chiyankhulo, pamene nambala ikunena kuti sadziwa kuwerenga.

Za liwiro muchenjere nazonso. Mawu athu ndi aatali: "sitidzakuonaninso" amawerengedwa ngati liwu limodzi, pamene m'Chingerezi akanakhala mawu 6. Choncho wina akakuuzani kuti ana a ku London amawerenga mawu ochuluka pa mphindi kuposa anu, musagwe mphwayi. Ndiponso alipo ana othamanga ngati akulakatula, koma mukawafunsa kuti mbuzi ya m'nkhaniyo inathawira kuti, angokuyang'anani.

Chimene ndikukupemphani kwambiri n'chakuti musaloweze ana ndime pofuna kuti sukulu ioneke bwino alendo akabwera. Mukatero mwaphimba okhawo ofunika thandizo, ndipo adzafika Sitandade 8 akungoyang'ana pepala la MANEB.

Alendo akachoka, mwana amene wapeza ziro mumuitane tsiku lina atamwa phala. Mupatseni nkhani ina, popanda wotchi, kenako akufotokozereni m'mawu akeake zimene wamva. Musanatero, musauze kholo kuti mwana wake sadziwa kuwerenga.