Kupeza ophunzira za makompyuta asanamalize sukulu: makalata anu

Muulutsi: Kalata yoyamba yachokera ku Limbe, kwa bambo amene ali ndi kampani ya malole. Akuti: "Tikufuna wachinyamata wotipangira pulogalamu yosunga kaundula wa katundu ndi malipiro. Tidalengeza m'nyuzipepala, makalata adabwera mulu, koma amene tidawakonda tidapeza atalembedwa kale kwina. Tikulakwitsa pati?"

Katswiri: Bambo, inu mudafika pamsika dzuwa litapendeka, chambo chabwino chitatha. Mwana waluso pa kompyuta sadikira tsiku lovala gauni. Anthu amakhala atamuona kale ali chaka chachitatu. Chonsecho inu muli pafupi ndi mayunivesite. MUBAS, imene tinkaitcha Polytechnic mpaka 2021, ili pa Chichiri pomwepo. MUST, imene idatsegulidwa mu 2014, ili ku Thyolo, ulendo wopita m'mawa n'kubwerera masana. Musalembe kalata yopita ku yunivesite yonse, ingakasowe m'mafayilo. Pitani nokha mukaonane ndi mkulu wa dipatimenti yophunzitsa za makompyuta, mumufotokozere vuto lanu mmene lilili: madalaivala amataya malisiti, simudziwa lole yamwa mafuta ochuluka bwanji kuchoka ku Mwanza kufika ku Blantyre. Ophunzira a chaka chomaliza amayenera kupanga pulojekiti, ndipo ambiri amavutika kupeza vuto lenileni loti aligwirire ntchito. Apatseni lanulo. Tsiku loonetsa mapulojekiti mukapemphe kukhala nawo. Mudzaona amene akuyankha mafunso a aphunzitsi osanjenjemera, ndi amene sagwa mphwayi pulogalamu ikakana kutseguka pamaso pa anthu. Ameneyo mulankhule naye tsiku lomwelo.

Muulutsi: Mayi ena a ku Lilongwe, amene amayendetsa SACCO, akufunsa ngati wophunzira wobwera pa atachimenti ayenera kulipidwa, popeza wabwera kudzaphunzira.

Katswiri: Mayi, mulipireni. Apa sindizungulira. Mwanayo akukwera minibasi kawiri patsiku, akufunika kudya nsima masana, akugula bandulo ya intaneti ndi ndalama yake. Mukapanda kumupatsa kanthu, okhawo a makolo opeza bwino ndi amene angakwanitse kubwera kwa inu, pamene mwana wanzeru wochokera kumudzi atsala. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kuona wophunzira za mapulogalamu atakhala miyezi ingapo akuchita fotokope ndi kutumidwa kogula mandasi. Mupatseni kompyuta yogwira ntchito, munthu mmodzi womuyang'anira, ndi ntchito yoti akamachoka anene kuti iyi ndapanga ndine. Akabwerera kusukulu amakauza anzake zonse, zabwino ndi zoipa, ndipo chaka chinacho mbiri yanu imakhala itafika kale m'mahositelo. Komanso mukamapempha ophunzira, nenani poyera kuti mukufunanso atsikana, chifukwa m'makalasi a makompyuta amakhala ochepa ndipo ena sadziponya patsogolo.

Muulutsi: Yomaliza yachokera ku Mzuzu. Bambo awa akuti kampani yawo ndi yaing'ono, ilibe wodziwa makompyuta woti ayese ofuna ntchito, komanso singapikisane ndi mabanki pa malipiro.

Katswiri: Satifiketi muione, koma musathere pamenepo. Muuzeni wofuna ntchitoyo abwere ndi laputopu akuonetseni chimene adapangapo ndi manja ake. Ambiri amasunga ntchito zawo pa tsamba la pa intaneti lotchedwa GitHub. Kenako akufotokozereni m'Chichewa kapena m'Chitumbuka mmene chimagwirira ntchito. Ngati inuyo mwamva, ndiye kuti adzamvananso ndi makasitomala anu. Pemphani mphunzitsi wa ku Mzuzu University akhale nanu pa intavyu, kapena funsani a Mzuzu E-Hub ndi a bungwe la akatswiri a ICT la ICTAM kuti akulozereni munthu wokuthandizani.

Za malipiro, n'zoona kuti mabanki, TNM ndi Airtel ali ndi thumba lalikulu, ndipo ena mwa anawa akugwirira ntchito makampani akunja ali m'nyumba mwawo, n'kumalandira madola. Musalonjeze zimene mulibe. Tchulani malipiro tsiku loyamba, muzilipira pa nthawi yake, ndipo muuzeni kuti pa kampani yanu pulogalamu yonse idzakhala m'manja mwake, kuyambira pachiyambi mpaka kufika kwa kasitomala. Ngati mungathe, mulipirireni kosi imodzi pachaka, ndipo zimenezi zilembedwe m'kontirakiti.