Phunziro la Kalabu: Mankhwala Atha, Nanga Mphamvu Zibwerera Liti?

Cholinga cha phunziro

Pomaliza phunziroli, membala aliyense athe:
1. kufotokoza matenda a Lyme ndi zimene zimachitikira ena akamaliza mankhwala ake
2. kuthandiza munthu amene akuchira kuti ayambe masewera olimbitsa thupi popanda kudzipweteka
3. kutchula njira zolimbikitsira mnzake amene wayamba kutaya mtima

Nthawi: ola limodzi ndi theka
Zofunika: kope, cholembera, mpando ndi botolo la madzi la lita imodzi

Mawu oyamba

Anzathu achinyamata, ambiri mwa ife tidazondapo wodwala amene wamaliza mankhwala koma akadali wofooka. Kuchipatala amuuza kuti zikuyenda bwino, koma iye akulephera ngakhale kusenza ndowa ya madzi. Achibale amayamba kung'ung'udza kuti ndi ulesi chabe. Mwini wakeyo amayamba kuganiza kuti sadzakhalanso bwino, ndipo ena amafika poleka kupita kuchipatala.

Lero tiphunzira za nthawi yovuta imeneyi kudzera m'matenda a kutali, a ku America ndi ku Ulaya, otchedwa Lyme. Tawasankha chifukwa madokotala a kumeneko akhala akufufuza kwa zaka zambiri za anthu amene amatsala ndi kutopa atalandira kale chithandizo. Zimene apeza zingatithandize posamalira anzathu amene akuchira chifuwa chachikulu cha TB, kapena amene adadwalika asanayambe kumwa ma ARV.

Kodi matenda a Lyme ndi otani?

M'chaka cha 1975, amayi ena a m'tauni ya Lyme, m'chigawo cha Connecticut ku America, adadandaulira akuluakulu a zaumoyo kuti ana ambiri m'dera lawo akutupa mawondo. Dokotala Allen Steere wa pa yunivesite ya Yale ndi anzake adafufuza ndipo adapeza anthu 51 odwala mofanana: ana 39 ndi akuluakulu 12. M'chaka cha 1982, katswiri wina dzina lake Willy Burgdorfer adalengeza kuti wapeza kachilombo koyambitsa matendawa m'mimba mwa nkhupakupa. Kachilomboka ndi ka mtundu wa bakiteriya ndipo adakatcha Borrelia burgdorferi pokumbukira dzina lake.

Munthu amatenga matendawa akalumidwa ndi nkhupakupa ya mtundu wa Ixodes, imene imakhala m'maudzu ndi m'nkhalango. Ikakhala yaing'ono imangofanana ndi njere ya mawere, choncho ambiri sadziwa n'komwe kuti alumidwa. Matendawa safala pogwirana chanza, pokumbatirana kapena podyera mbale imodzi.

Pakapita masiku atatu mpaka 30, anthu 7 kapena 8 mwa 10 aliwonse amene atenga matendawa amatuluka chibanga chofiira pamalo olumidwawo, chimene chimanka nichikula. Amamvanso kutentha thupi, mutu, kuphwanya m'thupi ndi kutopa. Akapanda kulandira chithandizo, matendawa amatha kutupitsa mawondo, kupotoza mbali imodzi ya nkhope kapena kusokoneza kagundidwe ka mtima. M'chaka cha 2021, bungwe loona za matenda ku America la CDC lidayerekeza kuti anthu pafupifupi 476,000 amalandira chithandizo cha matendawa chaka chilichonse m'dzikolo. Amapezekanso ku Canada ndi m'maiko a ku Ulaya, kuphatikizapo Britain kumene kuli abale athu ambiri.

Matenda a Lyme amachizika. Akapezeka msanga, wodwala amamwa mankhwala monga doxycycline kwa masiku 10 mpaka 14, ndipo ambiri amachira kotheratu.

Kutopa kotsalira

Pali ena ochepa amene amamaliza mankhwala bwinobwino koma n'kumamvabe kutopa, kuwawa kwa minofu ndi kuiwalaiwala kwa miyezi 6 kapena kuposerapo. Kafukufuku amene zotsatira zake zidatuluka ku America mu 2001, ndi wina wa ku Netherlands mu 2016, adaonetsa kuti kuwonjezera mankhwala opha tizilombo kwa miyezi ingapo sikuthetsa kutopaku. Ambiri mwa anthuwa amapeza bwino, koma pang'onopang'ono.

Vuto lalikulu ndi lakuti munthuyo amaoneka wabwinobwino. Alibe bala, satsokomola, sakuoneka woonda. Ndiye anzake a kuntchito ndi a kusukulu samukhulupirira akati watopa. Apa ndi pamene nkhaniyi ikufika pakhomo pathu. Mankhwala a TB amatenga miyezi 6, ndipo ambiri amawamaliza mapapo ndi miyendo zisanabwererenso m'chimake. Munthu amene adayamba ma ARV atafooka kale amafunikanso miyezi yambiri kuti chitetezo cha m'thupi mwake chikwere ndi kuti thupi libwerere. Kugonjetsa tizilombo ndi ntchito ya mankhwala. Kubwezeretsa mphamvu ndi ntchito ina, imene imafuna chakudya, tulo, kuyendetsa thupi ndi anthu olimbikitsa.

Chifukwa chiyani kungogona sikuthandiza?

Munthu akadwalika ayenera kupuma ndithu. Koma kukhalitsa pamphasa kumadyanso mphamvu. M'chaka cha 1966, madokotala a mumzinda wa Dallas ku America adagoneka anyamata asanu athanzi a zaka 20 pabedi kwa milungu itatu osadzuka. Atawayeza, adapeza kuti mphamvu ya mtima ndi mapapo awo yatsika ndi gawo loposa limodzi mwa magawo anayi. Patatha zaka 30 adawayezanso anthu omwewo, ndipo zidaoneka kuti milungu itatu ija idawafooketsa kuposa mmene ukalamba wa zaka 30 udawafooketsera. Chosangalatsa n'chakuti mu 1966 momwemo anyamatawo atayamba masewera olimbitsa thupi kwa milungu 8, mphamvu zawo zidabwerera.

Tiyeni tionetsetse mmene zimakhalira. Wodwala amagona chifukwa watopa. Akagona nthawi yaitali minofu imachepa. Minofu ikachepa, kantchito kakang'ono kamamutopetsa kwambiri, ndiye amagonanso. Njira yotulukira m'msampha umenewu ndiyo kuyamba kuyendetsa thupi, koma mwanzeru.

M'chaka cha 2020, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa malangizo akuti munthu wamkulu azichita masewera olimbitsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pamlungu, ndipo masiku awiri pamlungu azichita zolimbitsa minofu. Malangizowa adatchulanso anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV kuti masewerawa ndi owathandiza. Koma mphindi 150 ndi kumene tikupita. Wochira amayambira pamene thupi lake lili lero.

Mmene wochira angayambire

Choyamba, afunse dokotala kapena mlangizi wa zaumoyo ngati nthawi yoyamba yakwana. Akaloledwa, atsate izi:

1. Ayambe ndi zochepa kuposa zimene akuganiza kuti angathe. Kwa ena ndi kuyenda mphindi zisanu zokha pabwalo, kawiri patsiku.
2. Ayende pa liwiro loti angathe kucheza ndi mnzake osabanika. Ngati mawu akuduka chifukwa cha befu, achepetse.
3. Aone mmene wadzukira m'mawa mwake. Ngati wadzuka monga mwa masiku onse, muyeso unali wabwino. Ngati wadzuka wotheratu, kapena kutopa kwatenga masiku awiri, abwerere pa muyeso wotsika ndi kukhala pomwepo kaye.
4. Awonjezere pang'ono pakatha mlungu, osati tsiku lililonse. Mphindi ziwiri kapena zitatu ndi zokwanira.
5. Alimbitse minofu ndi zinthu za pakhomo: kukhala pampando ndi kudzuka kasanu, kukankha khoma ndi manja, kukweza ndi kutsitsa botolo la madzi. Botolo la lita imodzi limalemera kilogalamu imodzi.
6. Ntchito za pakhomo aziziwerengera limodzi. Tsiku limene wasesa pabwalo ndi kuchapa, achepetse ulendo woyenda.

Msampha waukulu ndi tsiku limene wochira wadzuka bwino. Amafuna kulipira masiku onse amene adagona: kulima, kutunga madzi, kukankha mpira. Mawa lake amagwanso, ndipo mtima umasweka. Akuluakulu adati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Asiye masewera ndi kupita kuchipatala msanga akamva kupweteka pachifuwa, mtima kugunda modumphadumpha, chizungulire kapena kukomoka, kubanika koopsa, kutentha thupi, kutupa kwa bondo, kapena akatsokomola magazi. Odwala Lyme amachenjezedwa kwambiri za mtima chifukwa matendawa amatha kuukhudza. Amene akumwa doxycycline apewenso dzuwa lamphamvu chifukwa mankhwalawa amachititsa khungu kupsa msanga.

Masewera amayenda ndi chakudya. Wochira adye kuchokera m'magulu onse 6 a zakudya: zokhutitsa, za nyama, za mtundu wa nyemba, masamba, zipatso ndi za mafuta. Usipa, mazira, nyemba, soya ndi nsinjiro zimathandiza kumanganso minofu. Amwe madzi okwanira, apewe mowa ndi fodya.

Masewera salowa m'malo mwa mankhwala

Pano tisasokoneze zinthu. Lyme ndi TB ndi matenda amene amatha munthu akamaliza mankhwala monga mwa malangizo. HIV siili choncho. Ma ARV, amene adayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma ku Malawi mu 2004, amamwedwa tsiku lililonse moyo wonse. Munthu akamamwa mokhulupirika, tizilombo timachepa m'magazi mpaka osaoneka pa makina oyezera, ndipo akafika pamenepo sapatsira mnzake kachilomboka pogonana. Akasiya, tizilombo timachulukanso ngakhale munthuyo akhale wothamanga makilomita 10.

Munthu wotopa ndi kudikira amanyengeka mosavuta. Ku America, ena odwala Lyme adawonongapo ndalama zambiri pa zithandizo zopanda umboni. Kwathu kuno tikuwadziwa ogulitsa mabotolo "ochiza chilichonse", ndi ena amene amauza wodwala kuti wachira ataye mankhwala. Pemphero limalimbitsa mtima, ndipo wopemphera apitirizebe kumwa mankhwala ake.

Kusunga chiyembekezo

Chiyembekezo chimatha pamene munthu sakuona kusintha. Kusinthako kumakhalapo, koma n'kochepa moti sikuoneka tsiku ndi tsiku, monga mmene chimanga chimakulira m'munda. N'chifukwa chake tikulimbikitsa kope. Wochira alembe tsiku lililonse mphindi zimene wayenda ndi mmene wadzukira. Pakatha mwezi abwerere patsamba loyamba. Amene ankalephera kufika pachitsime adzapeza kuti tsopano akupita ndi kubwera. Adziyerekeze ndi mmene adalili mwezi watha, osati ndi mmene adalili asanadwale, kapena ndi anzake a pabwalo la mpira.

Adziwiretu kuti masiku oipa adzabwera. Kubwerera m'mbuyo kwa masiku awiri sikufafaniza ntchito ya mwezi wathunthu.

Asadzitsekere m'nyumba. Kuyenda panja ndi mnzake kumathandiza kugona bwino usiku ndi kuchepetsa nkhawa. Magulu a anthu amene ali ndi HIV ndi ofunika chifukwa wochira amakumanako ndi anthu amene adadutsa njira yomweyo ndipo lero akulima, akuphunzira, akulera ana.

Koma ngati mnzathu wakhala wokhumudwa kwa milungu iwiri kapena kuposa, sakudya, sakugona, alibe chidwi ndi chilichonse, kapena akunena zofuna kudzipha, ameneyo akufunika chithandizo cha kuchipatala. Tisamusiye yekha. Tiuze munthu wamkulu wodalirika ndipo timuperekeze tsiku lomwelo ngati wanena zodzipha.

Udindo wa kalabu yathu

Mutu umodzi susenza denga. Kalabu ingagawane masiku kuti wochira aliyense m'dera lathu akhale ndi woyenda naye. Woperekezayo ayende pa liwiro la wochirayo. Ngati wochirayo wangoyamba kumene mankhwala a TB, tsatirani malangizo a kuchipatala ndipo muzichezera panja pamene mpweya ukuyenda.

Mawu athunso ndi mankhwala. M'malo monena kuti, "Achimwene, mungokhala ulesi, dzukani," tinene kuti, "Achimwene, tiyeni tiyende tikafike pamtengo wa mango apo, mukatopa tikhala pansi." Mnzathu akati watopa, timukhulupirire. Ndipo zimene watiuza za matenda ake zikhale chinsinsi.

Zochita pagulu

Khalani awiriawiri. Mmodzi akhale wochira, wina woperekeza. Yesererani kukhala ndi kudzuka pampando kasanu, kukankha khoma kasanu ndi kukweza botolo kasanu dzanja lililonse. Kenaka lembani limodzi ndondomeko ya milungu inayi ya munthu amene lero akutha kuyenda mphindi zisanu zokha.

Mafunso okambirana

1. Tiyerekeze kuti goloboyi wa timu yanu wamaliza mankhwala a TB ndipo akufuna kusewera mpira wa Loweruka likubwerali. Mungamulangize chiyani popanda kumugwetsa mphwayi?
2. N'chifukwa chiyani anthu amavutika kukhulupirira wodwala amene sakuoneka wodwala?
3. Kodi kusiyana kwa mankhwala a Lyme, a TB ndi ma ARV n'kotani?
4. Ndi zizindikiro ziti zimene zingakuchititseni kuimitsa masewera ndi kuthamangira kuchipatala?

Ntchito ya mlungu uno

Membala aliyense aganizire za munthu mmodzi wa kwawo amene akuchira matenda otenga nthawi. Amufunse kaye ngati angakonde kuperekezedwa. Akavomera, ayende naye kawiri mlungu uno. Pamsonkhano wotsatira tidzamva mmene zidayendera, popanda kutchula dzina la munthu.