Petani pa Chitenje, Maluwa Ake Ngojambula Kale

Ambiri amene amalakalaka kupeta nsalu amagwa ulesi pa kujambula. Singano ali nayo, ulusi agula, koma duwa akalijambula pa bafuta limatuluka lopotoka, basi ntchito yathera pomwepo. Chonsecho m'nyumba mwawo muli zitenje zodzaza ndi maluwa, masamba ndi mbalame zimene akatswiri anajambula kale. Chatsala n'kungotsata mizereyo ndi singano. Ine ndimaona kuti palibe njira ina yophunzirira kupeta yoposa imeneyi, ndipo poyambira pabwino ndi nsalu yovundikira pilo wa pampando.

Sankhani chitenje cha thonje chokhala ndi maluwa akuluakulu otalikirana, cha mitundu iwiri kapena itatu. Chodzaza timaluwa tothithikana chimameza ulusi wanu, palibe adzaone kuti mwapetapo. Zoterera za poliyesitala zisiyeni, chifukwa zimakana kukhazikika. Chichapeni kaye musanadule, popeza thonje limafupika pang'ono likachapidwa koyamba. Pilo wa masentimita 40 mbali zonse amafuna nsalu ya masentimita 45, ndipo podula onetsetsani kuti duwa limene mwalikonda lagwera pakati. Pindani m'mphepete ndi kusoka mwachisawawa kuti ulusi wa nsaluyo usamayoyoke. Chitenje chikakhala chopyapyala, yalani bafuta kumbuyo kwake n'kumalasa nsalu ziwirizo pamodzi.

Ulusi wopetera, monga wa DMC kapena Anchor, umagulitsidwa m'timitolo ta mamita 8, ndipo uli ndi tizingwe 6 topotedwa pamodzi. Simulowetsa tonse m'singano. Dulani ulusi wotalika kuchokera kunsonga ya chala kufika pachigongono, ndiye kuti masentimita 45 kapena kuchepera. Wautali kuposa apo umapiringizika, komanso umatha kuwala chifukwa chokhulika pansalu. Gwirani kumutu kwake, sololani kachingwe kamodzi kokha molunjika m'mwamba, kenako kena, mpaka mukhale ndi tiwiri kapena titatu. Mukafuna kung'amba titatu nthawi imodzi, mukhalira kumasula mfundo. Singano ikhale ya bowo lalitali. Ya nambala 7 imalola tizingwe titatu bwinobwino. Nambala ikamakwera singano imachepa.

Pakufunikanso mkombero wokungira nsalu. Ngati kusitolo kulibe, mmisiri woluka malichero angakupangireni mikombero iwiri ya nsungwi, wina wolowa mwa unzake mothina. Kulungani wam'kati ndi kansanza kuti usakole nsalu. Nsalu ikungike ngati chikopa cha ng'oma, ndipo mukaweruka muziichotsamo kuti isatsale ndi chizindikiro.

Poyamba kupeta musamange mfundo, chifukwa imatukumuka pansi pa nsalu ndipo imamasuka pochapa. Siyani kamchira ka masentimita atatu kumbuyo, muzikapanikiza ndi ulusi pamene mukusoka. Pomaliza, lowetsani singano pansi pa ulusi wa kumbuyoko kanayi, kenako dulani.

Kasokedwe koyamba n'kobwerera m'mbuyo, kamene mabuku amakatcha backstitch. Tulutsani singano mamilimita atatu patsogolo, muibweze kukalowa pamene ulusi wapitawo wathera, ituluke patsogolo penanso. Ndi kameneka mumazungulizira duwa ndi kutsata mitsempha ya tsamba. Pokhota muzifupikitsa, apo ayi mzere wozungulira usanduka wa makona.

Kachiwiri n'kaunyolo. Singano ikatuluka, ibwezeni pabowo lomwelo koma musakoke ulusi wonse, pasale kakhwekhwe. Tulutsani singano m'kati mwa kakhwekhweko, patsogolo pang'ono, n'kukoka mofatsa mpaka kakhale kobulungira. Mukakoka mwamphamvu kamatsekeka n'kusanduka mzere wamba. Unyolo umakhuthala, choncho umaoneka bwino pa mapesi a maluwa ndi pa zilembo, ngati mukufuna kulembapo dzina la mwana.

Kachitatu, satin stitch, ndiko kamagwetsa anthu mphwayi, ndipo apa m'pofunika kudekha. N'kodzaza malo ndi ulusi wogonekedwa mogundizana mpaka nsalu ya pansi isaoneke. Yambani mwazunguliza malowo ndi kasokedwe kobwerera m'mbuyo, kuti m'mphepete mukhale mpanda. Kenako tulutsani singano kunja kwa mpandawo, muwoloke, mulowe kunja kwa mpanda wa tsidya linalo. Muyambire pakati pa tsamba kupita kunsonga, mubwererenso pakati kupita kutsinde. Mukayambira kunsonga, ulusi umanka nupendekeka osadziwa. Tizingwe tiwiri timagona bwino kuposa titatu. Ulusi uliwonse wowoloka usapitirire sentimita imodzi, chifukwa wautali umalendewera ndipo umakodwa m'zikhadabo ndi m'mabatani a okhala pampando. Ndiye tsamba lalikulu la pachitenje musavutike kulidzaza. Mtundu ulipo kale. Dzazani timasamba ting'onoting'ono ndi timaso ta mbalame basi.

Pakati pa duwa pamakoma timfundo totchedwa French knot. Tulutsani singano, gwirani ulusi ndi dzanja linalo, muukulunge kawiri pasingano, mulowetse nsonga yake pambali penipeni pa bowo lija, osati m'bowo momwemo. Chinsinsi chili pa dzanja logwira ulusi: lisataye mpaka singano yonse itadutsa. Likataya msanga, m'malo mwa mfundo mumapeza ulusi wosokonekera. Amene timfundoti tawakanika asokererepo mikanda ing'onoing'ono, ngakhale kuti pilo wa mikanda ngwongokongoletsa, sakoma kutsamira.

Pa nkhani ya mitundu, musathamangire ulusi wofanana ndendende ndi chitenje, chifukwa umabisala. Pa chitenje chakuda kapena chobiriwira kwambiri, woyera ndi wachikasu umaonekera patali. Yalani nsalu panja masana, gonekanipo ulusi umene mukuuganizira, mubwerere m'mbuyo mapazi angapo n'kuyang'ana. Nyali ya usiku imanamiza maso. Chinanso, musapete maluwa onse. Limodzi lopetedwa mokwanira, kapena atatu, limadzuka pakati pa anzake osapetedwa, pamene kupeta onse kumangolemeretsa nsalu. Musadumphitsenso ulusi kumbuyo kuchoka pa duwa lina kupita pa lina. Malizani, dulani, yambaninso.

Ulusi wofiira ndi wabuluu wotsika mtengo nthawi zina umasuluka. Uyeseni musanaugwiritse ntchito: nyowetsani kachidutswa, mukafinyire pa kansalu koyera. Kakasiya mtundu, musaupetere chinthu chimene chizichapidwa. Mukamaliza ntchito, chapani pamanja ndi madzi ozizira, osafikisa kapena kupotokola, ndipo yanikani pamthunzi. Posita, yalani thaulo, mugoneke nsaluyo chafufumimba n'kusita kumbuyo kwake, kuti zopetazo zilowe m'thaulo zisaphwatalale. Ngati simbi yanu ndi yamakala, phimbani ndi kansalu kena kuopa phulusa ndi moto wothetheka.

Musanakhudze duwa la pakati lija, tengani chidutswa chotsala podula muyeserepo masokedwe anayiwa, mzere umodzi pa kalikonse. Chala chikazolowera kukoka ulusi mofanana, kungani nsalu yeniyeniyo muyambe.