Mitundu ya Chlamydia: Malangizo kwa Azaumoyo

Kachilombo ka Chlamydia trachomatis ndi kamodzi, koma kali ndi mafuko ake. Akatswiri amawasiyanitsa poyang'ana jini yotchedwa ompA, imene imapanga mbali yaikulu ya chikopa cha kachilomboka, ndipo fuko lililonse analipatsa chilembo. Pachipatala chaching'ono simudzayeza jini, komabe mafukowa amakhudza ntchito yanu.

1. Dziwani magulu atatu. Mitundu A, B ndi C imagwira maso n'kuyambitsa trachoma, yofala kudzera m'manja, nsalu ndi ntchentche. Mu 2022 bungwe la WHO lidalengeza kuti Malawi wathana ndi vutoli. Mitundu D mpaka K ndiyo yopatsirana pogonana, ndipo D, E ndi F ndiyo imapezeka kwambiri. L1, L2 ndi L3 imayambitsa LGV, matenda otupitsa anabere n'kubweretsa mabomu.

2. Musadikire zizindikiro. Ambiri, makamaka amayi, samva kalikonse, pamene kachilomboka kakukwera m'chiberekero ndi kutseka njira za mazira. Mapeto ake akhoza kukhala kusabereka kapena mimba yokhala kunja kwa chiberekero.

3. Wobwera ndi mabomu mumuone mwapadera. Mitundu ya L sikhutira ndi pamwamba, imalowa m'kati mpaka m'anabere. Kachilonda koyamba n'kakang'ono, kosapweteka, ndipo kamapola munthu asanakaone. Pakapita milungu mphechepeche mumatupa, wodwala amalowa akuyenda motangadza, nthawi zina chotupacho chitaphulika kale. Pa mitundu D mpaka K, doxycycline wa 100 mg kawiri pa tsiku kwa masiku 7 amakwana. Pa LGV samakwana, ndipo WHO imati masiku 21. Mabomu amabweranso ndi matenda ena, choncho tsatirani ndondomeko ya Unduna wa Zaumoyo. Funsaninso, mwaulemu, za ululu kapena mafinya kumatako: LGV imene idabuka ku Rotterdam mu 2003 pakati pa amuna ogonana ndi amuna anzawo inkaonekera kumeneko.

4. Makina oyezera akati chlamydia mulibe, koma wodwala akuonetsa zizindikiro, musangomubweza. Mu 2006 ku Sweden adaona kuti odwala chlamydia akuchepa modabwitsa m'dera la Halland. Sikuti anthu adasintha khalidwe ayi. Kudabadwa mtundu wina wa E umene udataya kachidutswa ka DNA, komweko kamene zoyezera za makampani awiri zinkafunafuna. Odwala ankauzidwa kuti ali bwino, n'kupita kukapatsira ena. Zofanana nazo zidaonekanso ku Finland mu 2019.

5. Mtundu wa kachilombo si umboni wa mlandu wa m'banja. Anthu awiri osadziwana n'komwe akhoza kukhala ndi E onse, poti ndi wofala. Banja likayamba kulozana zala, inu bwezerani nkhani ku mankhwala: onse awiri alandire, amalize, ndipo asagonane kwa masiku 7 kapena mpaka mankhwala atatha. Kudwalapo kamodzi sikuteteza, ndiye kondomu ikufunikabe.

6. Mayi woyembekezera musamupatse doxycycline. Woyenera ndi azithromycin wa 1 g, womwa kamodzi. Khanda likatupa zikope ndi kutuluka manthongo a mafinya m'milungu iwiri yoyamba, mwina lidatengera pobadwa. Mankhwala opaka m'maso okha sakwana, chifukwa kachilomboka kakhoza kutsikira m'mapapo. Litumizeni kwa dokotala, mayi ndi bambo ake alandirenso mankhwala.