Phunziro la Aphunzitsi: Nthaŵi Yokonzekera Ichokera Kuti?

Poŵerenga: Ezara 7:6-10, Machitidwe 18:1-4, Marko 6:30-32
Vesi loloŵeza: Ezara 7:10

Aphunzitsi anzanga, phunziro ili si la ana ai, koma lanu. Ambiri a inu mumatsegula kabuku aka Loŵeruka usiku, thupi litatopa, nyali ili kuzima. Ena mumakatsegula m'maŵa wa Lamulungu panjira ya ku tchalitchi. Sindikuti ndinu aulesi. Kuno ku Engutwini mphunzitsi yemweyo ndiye mlimi, ndiye wa kwaya, ndiye mai wa Umanyano, ndiponso wothamangira maliro. Koma ana sanamizika. Mphunzitsi akamaŵerenga chozyolika osakweza maso, iwo adziŵa msanga, nayamba kutsinana. Sabata linalo muwapeza kubusa.

Taonani dongosolo la Ezara. Poyamba anaika mtima pa kufunafuna chilamulo, kenaka kuchichita, ndipo kuphunzitsa kunadza pambuyo. Ife tatembenuza, tiyambira kumapeto. Paulo nayenso sanali munthu wokhala chabe. Ku Korinto ankasoka mahema pamodzi ndi Akula ndi Priskila, koma Sabata lililonse anali ndi mau okonzeka m'sunagoge.

Sinodi yathu imatchedwa ndi dzina la David Livingstone. Iye analoŵa ntchito m'fakitale ya thonje ku Blantyre wa ku Scotland ali ndi zaka 10. Ankayamba 6 koloko m'maŵa, kuŵeruka 8 koloko usiku, ndipo pambuyo pake ankapita ku sukulu maola aŵiri. Masana ankaika buku pamwamba pa makina, naŵerenga chiganizo chimodzi podutsa, china pobwerera. Sanadikire tsiku lopanda ntchito, pakuti tsiku lotero silinalipo. Anatola nthaŵi monga nkhuku itola mapira.

Mbali imeneyi timakonda kuifotokoza. Ilipo ina imene timaidumpha. Mu 1852 Livingstone anatumiza mkazi wake Mary ndi ana ku Britain, ndipo panapita zaka zinai asanaonane. Mary anamwalira ku Shupanga, m'mbali mwa Zambezi, mu 1862. Atakalamba, Livingstone analemba kuti chinamuŵaŵa mumtima ndi chakuti ali ku Kolobeng sankapatula nthaŵi yoseŵera ndi ana ake, popeza madzulo amakhala atatopa. Ngati munthu wamkulu wotere analira nazo, nanga ife? Mphunzitsi wothamangitsa ana ake pakhonde kuti akonzekere kuphunzitsa ana a eni, wabera Petro kuti alipire Paulo ndi ndalama ya m'nyumba yomweyo.

Tsono tichite bwanji? Ine ndiona kuti mankhwala ake ndi kuyamba msanga ndi kuloŵetsamo banja.

Ŵerengani phunziro la sabata lamaŵa Lamulungu lomwelo madzulo, kamodzi kokha, mphindi 15. Musayese kulimvetsa lonse. Lembani vesi ndi funso limodzi pa kapepala, muike m'thumba. Popalira, potunga madzi, poyenda pa njinga kupita ku boma la Mzimba, nkhaniyo idzakhala ili kuphika yokha m'mutu. Zitsanzo zabwino zimapezeka kumeneko. Fanizo la wofesa limamveka bwino kwa munthu amene wagwira khasu sabata lonse ali kuliganizira.

Pakati pa sabata, pa mapemphero a madzulo, fotokozerani a m'nyumba mwanu nkhaniyo, buku litatsekedwa. Apa mpamene pali phindu lalikulu. Kabuku aka kali m'Chicheŵa, pamene ana ambiri a m'kalasi mwanu amaganiza m'Chitumbuka, ndipo kumasulira mutaimirira kale pamaso pao kumasokoneza nkhani. Mukayesera kunyumba, mwana wanu adzakufunsani funso lomwe mukanalimva Lamulungu, agogo adzakupatsani liu loyenera, ndipo pamene mwadodoma mudzadziŵa kuti mpofunika kuŵerenganso. Mwakonzekera, komanso mwacheza ndi banja lanu, nthaŵi yake imodzi. Deuteronomo 6:7 afuna zomwezo.

Nyengo nazo muziŵerengere. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale munda sulola munthu kupuma, ndipo palibe nzeru kulimbana nao. Koma chimanga chikaloŵa m'nkhokwe, m'miyezi yozizira ija, ŵerengani maphunziro a mtsogolo ndi kulemba mitu yake m'kope. Makolo athu m'chikhulupiriro ankatero. Donald Fraser atakhazika mishoni ya Loudon ku Embangweni mu 1902, ankaitana aphunzitsi a m'midzi chaka ndi chaka kuti asiye kuphunzitsa kanthaŵi, adzakhale pansi ngati ana a sukulu. Anadziŵa kuti chitsime chongotungidwa chimaphwa.

Ndinene za amai. M'midzi yathu muli amai ambiri amene amuna ao ali ku Joni, ndipo munda, ng'ombe, ana ndi apongozi zonse zili pamutu pao. Kuuza mai wotere kuti adzuke mbandakucha kukaŵerenga ndi nkhanza, popeza amadzuka kale mbandakucha. Oyang'anira Sande Sukulu ampatse mnzake, kuti aziphunzitsa mosinthana masabata. Ndipo inu abambo amene akazi anu ndi aphunzitsi, kunyamula mwana theka la ola kuti mai aŵerenge sikuchotsa munthu ulemu. Ndanena dala, pakuti ndidziŵa mmene timaonera zimenezi kuno kwathu.

Pa Marko 6 ophunzira anabwera kuchokera ku ntchito yabwino, anthu ali piringupiringu kotero kuti analibe mpata ngakhale wakudya. Yesu sanawaonjezere ntchito, anawatengera padera kuti apumule. Ngati muli ndi maudindo anai mumpingo ndipo onse ali kutsimphina, pitani kwa mkulu wa mpingo wa dera lanu mukatule umodzi. Ngati muli kukonzekera mayeso a MSCE, nenani miyezi isanathe, kuti kalasi lanu lipezeredwe munthu.

Pa msonkhano wa aphunzitsi ukudzawu, aliyense abwere atalemba tsiku ndi ola limene wagwirizana ndi a m'nyumba mwake. Wokhala yekha atchule mnzake amene adzamufotokozera nkhani pakati pa sabata.